Mpope wa ku Nchalo

Zala ndinali nazo, ndisaname.
Makodi ndinawaloweza mwezi umodzi wokha
mpaka nsonga za zala zinalimba ngati msana wa ng'ona.
Koma Loweruka lija kwa Zuze, kuseri kwa msika,
titangoimba mizere iwiri
Alufandika anaika timitengo ta ng'oma pansi,
napukuta thukuta m'khosi, nandifunsa mwaulemu:
"Achimwene, kodi akukuthamangitsani ndani?"

Ndinkafika kumapeto kwa nyimbo ndekhandekha
anzanga akadali kutsidya, akudikira bwato.
Zuze sanakalipe. Anangoti,
"Iwe umaimba ngati wakuba nzimbe,
maso kumbuyo, miyendo kutsogolo.
Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, inde,
koma kuno timafunanso kufikira limodzi."

Ntchito yanga ndi ya ulonda, usiku.
Ndimalondera mapaipi m'munda wa nzimbe:
ine, tochi, udzudzu,
ndi mpope wothirira uja wozunguza mutu
umene zaka zitatu ndinkaumva osaumvera.
Tcha, tcha, tcha, tcha.
Sufulumira kapitawo akamadutsa,
suzengereza poti mwezi walowa.

Sabata yoyamba gitala ndinaisiya m'thumba.
Phazi lokha, pa dothi lonyowa,
ndikuwerenga m'Chisena monga ankachitira mayi anga
pogawa nsomba za ku Ndinde pamphasa:
posi, piri, tatu, nai.
Phazi langa lomwe linkandinamiza!
Ndikati tili pamodzi, mpope uli kumbuyo,
ukundiyang'ana ndi diso la madzi.

Sabata yachiwiri ndinatseka nsambo ndi dzanja lamanzere,
lamanja n'kumangokwera, kutsika, kukwera, kutsika,
gitala ikungoti khwe, khwe, ngati tsache pabwalo.
Munthu wamkulu, wa ana awiri,
kusesa nsambo usiku wonse.
Achule ankandiseka. Ndinawaleka.

M'pamene ndinadzigwira:
pamene pali povuta m'pamene ndinkathawa,
kuti cholakwa chidutse msanga, anthu asachione,
ndipo pamene pali pokoma ndinkakhalitsapo
ngati mlendo amene wapeza thobwa lozizira.
Si dzanja ayi. Ndi mantha ndi dyera.

Pakati pa tcha ndi tcha pali kachipinda.
Mulibe kanthu, koma n'ka nyimbo komweko.
Ine ndinkakadutsa osagogoda.
Tsopano ndinaphunzira kulowamo, kukhala pansi,
kupuma kamodzi,
dzanja likuyendabe m'mwamba osakhudza nsambo,
monga nkhafi imayendera mumphepo isanabwerere m'madzi.

Usiku wina wa Okutobala,
kutentha kuja koti ngakhale chitsulo chimachita thukuta,
ndili pakati pa nyimbo, magetsi anathima.
Mpope unalavula kamodzi, kawiri, n'kuti zii.
Munda wonse unatchera khutu.
Ndinafuna kuleka, phazi linakana.
Posi, piri, tatu, nai,
mumdima, popanda wondigwira dzanja,
ine ndi fungo la matope,
ndi galu wina kutali uko ku malaini
amene ankauwa mosatsata aliyense.

Sindidziwa kuti panapita mphindi zingati.
Mapaipi anatsokomola, madzi anabwerera,
mpope unayambiranso mawu ake akale,
ndipo liwiro langa ndi lake zinasiyana pang'ono pokha,
mwina ngati kupyapyala kwa tsamba la nzimbe.
Ndinali patsogolo ndithu, khalidwe silifa tsiku limodzi,
koma patsogolo poti mnzako akhoza kukukoka malaya.

Loweruka ndinapitanso kwa Zuze.
Tinaimba nyimbo zinayi.
Mayi wogulitsa masawu pakhomo anayamba kugwedeza phewa,
iye osadziwa n'komwe.
Ndinkadikira kuti wina anene kanthu.
Alufandika sanandiyang'ane ngakhale kamodzi,
maso ali kudenga, akutafuna kachitsotso,
ngati munthu amene waiwala kuti ndilipo.

Pobwerera, panjinga, ndinazindikira
kuti kundiyamikira kwake kunali komweko.
Tcheni chinkalira, mapedulo akuzungulira,
ndipo sindinapitirire aliyense panjira.